Apongozi pa Mphasa ya Kutsogolo

Nyumba imene Magadalena ankakhalamo inali ya njerwa, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo. Njerwa zootcha, inu, zipinda ziwiri, ndi zenera la galasi limene amayi opita ku tchalitchi ankaima n'kumadziyang'anirapo ngati kalilole. Inali pafupi ndi sukulu ya aphunzitsi, pa kamisoni kena kuseri kwa Bembeke, kumene anyamata akuluakulu ochokera m'midzi ankaphunzira kuphunzitsa anzawo. Nyumbayo anamangira mkulu wa sukuluyo. Koma popeza mkulu anali asanapezeke, Bambo Mfumu, wansembe wachizungu wa ndevu zofika pachifuwa, anauza aLinus, amuna ake a Magadalena, kuti ayambe agwirizira ntchitoyo ndipo alowe m'nyumbamo.

Kugwirizirako kunatha zaka zitatu. Tsono munthu wasesa nyumba zaka zitatu, wazira pansi, wadzala maluwa pakhomo, waberekeramo mwana, angakumbukenso zoti ndi yobwereka? Magadalena anaiwaliratu. Kuchitsime ankangoti “kwathu ku njerwa,” anzake n'kumatsinana.

Ndiye mu Okutobala wa 1913, dzuwa lili phwee, aLinus anabwera masana akupukuta choko m'manja, n'kuyamba kukamba ngati akunena za nkhuku yosowa.

“Amake Lonjezo, Bambo Mfumu asankha. Mkulu wa sukulu akhala aEustace. Awaika pa udindo Lamulungu likudzali.”

“AEustace ake ati?”

“Alipo angati? Alamu anu.”

“Nanga inu?”

“Ine ndiziphunzitsabe masamu, monga kale.”

“Nanga nyumba?”

ALinus anayang'ana kudenga ngati kuli kalata. “Nyumba ndi ya mkulu wa sukulu. Munkadziwa.”

“Ndinkadziwa! Tamverani anthu inu. Zaka zisanu ndi zinayi mukumeza fumbi la choko. Munayamba pansi pa mkuyu, ana akulemba pamchenga ndi chala, pamene anzanuwo ankanyamulira mzungu chipewa. Lero mungoti ‘monga kale’? Koma magazi muli nawo m'thupimo?”

“Munthuyo amadziwa kulankhula ndi aboma. Sukulu ikufuna wotero. Ine pamaso pa mzungu wa boma lilime limauma.”

“Limauma paliponse,” anatero Magadalena, n'kumenyetsa chitseko.

Tsono mumve za aEustace. Anali amuna a Benedicta, mng'ono wake wa Magadalena wa bere limodzi. Anayamba ngati kalaliki pa boma la Dedza, kukopera makalata. Kenaka mzungu wa pamenepo anaona kuti pakamwa pawo mpoterera, n'kuwasandutsa womasulira pa milandu. Akuti mzungu akakalipa kuti “achoke apa anthu awa, andisowetsa mtendere,” iwo ankamasulira kuti “bwana akuti mwayenda mtunda wautali, kapumuleni, mubwere mawa.” Mkulu wina akatukwana mzunguyo ndi amake omwe, iwo ankati “akuthokoza kwambiri.” Onse ankachoka ali okondwa, osadziwa kuti apulumuka ku chiyani.

Boma litakhazikitsa bwalo la mafumu akuluakulu, aEustace anakhala phungu wa bwalolo. Ndi iwo anakakamira mpaka anamanga mlatho wa mitengo pa mtsinje umene unkatenga anthu chaka ndi chaka. Katemera wa nthomba atabwera, anthu akuthawira kuphiri, iwo anapinda malaya pabwalo n'kuyamba kutemedwa, kenaka n'kuyenda midzi yonse mpaka ku Chongoni akuonetsa chipsera. Atatero anati za boma atopa nazo, akufuna kutumikira Mulungu ndi ana. Ena amati anatopadi, ena amati anakangana ndi mzungu watsopano. Kaya. Koma jekete anabwera nalo, nsapato anabwera nazo, ndipo akamayenda zinkalira kwee kwee kuyambira kumsewu.

Pali kenanso kamene anthu amanong'ona. Akuti aEustace asanafunsire Benedicta, anayamba afunsira Magadalena, iye n'kuwakana kuti miyendo yawo ndi yoonda ngati ya kakowa ndipo khasu saligwira bwino. Magadalena amakana kuti zimenezo n'zabodza. Koma munthu akangotchula nkhaniyi, nkhope yake inkachita ngati wamwa madzi a mandimu.

Lachitatu Benedicta anabwera kudzacheza, atafunda ambulera kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

“Odi kuno, akulu!”

“Lowa. Mvula yakupeza kuti?”

“Iii, akulu, ndi dzuwatu ili.” Anapinda ambulerayo pang'onopang'ono, kuti aliyense aone mmene imapindikira, n'kukhala pa mpando wa aLinus. Anafunsa za Lonjezo, anafunsa za chifuwa cha amayi kumudzi, koma maso ali m'makoma. Kenaka anaimirira n'kupita pa zenera, n'kuyamba kuyalapo chikhatho, kamodzi, kawiri, katatu.

“Ukuyeza chiyani pa zenera langa?”

“Ndimangoona. Bambo ake Funsani anabwera ndi kansalu koyera kuchokera ku Zomba, ndiye ndimati mwina—”

“Ona ndi maso. Manja bweza.”

“Musatero, akulu. Si ine ndasankha. Ndiponso bambo ake Funsani akuti pali zina akukambirana ndi Bambo Mfumu zoti—”

“Zimene akukambirana amuna ako ukauze mzungu wa pa boma. Ine ndinakubereka kumsana iwe, mamina ndinkakupukuta ndi nsalu yanga. Lero ukudzayeza zenera?”

Benedicta anatola ambulera yake n'kumapita. Magadalena anamuyang'ana kudzera pa galasi lija mpaka anakhota kuseri kwa tchalitchi. Mumtima munkangotentha ngati wameza khala. Akanakhala mlendo wochokera ku Ntcheu bwenzi zili bwino. Koma Benedicta! Benedicta amene mpaka lero sadziwa kuzira pansi osasiya mizere! Adzakhale pa khonde ili, amayi a ku tchalitchi azidzamuweramira n'kumati “amayi a kunjerwa,” iye Magadalena atabwerera ku nyumba ya mitengo ndi dothi, utsi uli m'maso?

Ali chiimire pomwepo, anakumbukira za aTimoteyo.

ATimoteyo anali mphunzitsi pa sukulu yomweyo chaka chapitacho. Tsiku lina akuphunzitsa, apongozi awo aakazi anatulukira pakhomo kudzafunsa njira ya kwa asisitere a mankhwala. Mkamwini ndi apongozi kuonana maso ndi maso, mukudziwa nokha. ATimoteyo anatulukira pa zenera, mutu kutsogolo. Bambo Mfumu atamva anafiira mpaka m'makutu. Analalika Lamulungu lonse kuti mphunzitsi wothawa nkhalamba sangaime pamaso pa ophunzira, ndipo aTimoteyo anawatumiza ku kasukulu ka kutali, kwa anyani.

Magadalena anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga pa zala. AEustace ndi mkamwini wa amayi ake, aNamwale. Chikwatire sanakhalepo pamodzi, sanadyerepo limodzi, nkhope za wina ndi mnzake amangozidziwira patali. Tsono aNamwale atakhala kutsogolo penipeni pa Lamulungu, aEustace atani? Akathawa, Bambo Mfumu awachotsa tsiku lomwelo, nsapato zili kumapazi. Akapanda kuthawa, n'kuima njo kumayang'ana apongozi m'maso, midzi yonse iti munthuyu ku boma anasiyako manyazi, ndipo palibe atumize mwana wake kwa iye. Uku agwa, uku agwa. Ndipo akagwa, ogwirizira alipo kale, ali m'nyumba kale.

Musaganize kuti anaiwala zoti aLinus nawonso ndi mkamwini wa aNamwale omwewo. Ayi, Magadalena si wopusa. Zimenezo anazikonzera njira yake. Koma amuna akewo sanawauze kanthu, chifukwa aLinus ndi aja amakaulula kwa wansembe ngakhale tchimo la mnzawo.

Loweruka m'mawa anatsika kumudzi. Anapeza aNamwale ali pa khonde akupeta nyemba, kachibotolo ka fodya wa mphuno kali pambali. Amayi amenewa ankakonda kuonedwa, inu. Pa maliro ankafuna kukhala pamene aliyense awaone kuti akulira.

“Amayi, mawa mukubwera?”

“Kuti?”

“Ku misoni. Mwana wanu akukwezedwa, inu muli pano ndi nyemba?”

“Iwe, kuli akamwini anga awiri kumeneko. Ukufuna ndikachite manyazi?”

“Amuna onse adzakhala m'kati mwa sukulu ndi Bambo Mfumu. Panja ndi pa amayi okhaokha. Benedicta adzamuimiritsa pamaso pa anthu, ndipo adzafunsa kuti amake a mayiyu ali kuti. Ndiye tidzati chiyani? Tidzaloze aNabanda?”

ANabanda anali mkazi mnzawo wa aNamwale wa pa mitala, amuna awo asanamwalire, ndipo awiriwa sankapatsana ngakhale moto.

“ANabanda akubwera?”

“Achapa kale nsalu.”

ANamwale anaika lichero pansi, n'kukoka fodya mphuno zonse ziwiri. “Ukanditengere mikanda yanga yofiira kwa mlamu wako. Anaibwereka kalekale.”

Lamulungu linafika. Misa itatha, anthu anakhamukira pa bwalo la sukulu, ochokera m'midzi yonse, ena ndi mipando yawo pamutu. Anaika tebulo panja ndi nsalu yoyera, ndipo pambali pake anaimika bolodi pa miyendo yake itatu, poti ophunzira ankayenera kuonetsa makolo mmene amalembera. Amuna anakhala mbali ina, amayi mbali ina, ndipo kutsogolo kwa amayi anayala mphasa yatsopano ya Benedicta ndi abale ake. Magadalena anali atasiya amayi ake kuseri kwa nkhokwe ya misoni, atawauza kuti adikire mpaka amuna alowe m'kati.

Poyamba aLinus anapereka kaundula wa sukulu ndi belu kwa aEustace. Anapereka ndi manja awiri, akumwetulira, ngati akupereka mphatso ya ukwati. Magadalena anaona ngati alavule. Atangobwerera pa malo awo, iye anawakodola.

“Bambo ake Lonjezo, ophika mbuzi kuseriko akuba chiwindi. Bambo Mfumu adya chiyani? Pitani mukaimepo, musachoke mpaka ipse.”

ALinus anapita, monga amapitira nthawi zonse akatumidwa.

Kenaka Bambo Mfumu anauza aEustace kuti agwade alandire dalitso, ndipo anthu onse anaweramitsa mitu n'kutsinzina. Pemphero la Chilatini lija ndi lalitali, lokwanira munthu kupita kuchitsime n'kubwerako. Magadalena anathamanga chowerama, n'kuwagwira dzanja amayi ake.

“Tiyeni, alowa.”

Maso a aNamwale anali atayamba kale kuchita nkhungu, zakutali sankaziona bwino. Anadutsa pakati pa amayi akuponda nsalu za anthu, mikanda ili wayawaya, mpaka anakhala pa mphasa ya kutsogolo, n'kuwongola khosi kufunafuna aNabanda. Benedicta atatsegula maso n'kuona amake pambali pake, anagwira pakamwa.

“Amen,” anatero Bambo Mfumu.

AEustace anaimirira, anasansa fumbi pa maondo, anakonza jekete, n'kutembenukira kwa anthu. “Abambo, amayi, mafumu athu—”

Mawu anathera pomwepo. Apongozi awo anali apo, mapazi asanu okha, mikanda ili psuu. ANamwale nawo anazindikira nsapato zija, kenaka jekete, ndipo anakoka nsalu n'kudziphimba kumutu konse ngati mtolo. Kuti adzuke athawe sakanatha, amayi anali atadzaza kumbuyo mpaka ku mpanda. Anangotulutsa dzanja pansi pa nsaluyo n'kumutsina Magadalena pa ntchafu, kutsina kopotokola.

Magadalena sanamve n'kuwawa komwe. Maso ake anali pa miyendo ya aEustace. Thawani, ankatero mumtima. Thawani, alamu, mpanda uli apo.

Bwalo lonse linali litaona. Amayi anadziwa, amuna anadziwa, ophunzira anadziwa. Amene sanadziwe anali Bambo Mfumu okha, amene ankangosisita ndevu kudikira mawu.

AEustace anatembenuka. Osati mothamanga ayi, anatembenuka pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira kanthu, mpaka msana unaloza kwa anthu, nkhope ili pa bolodi. Anatola choko.

“Ndalankhula zaka zambiri pa boma,” anatero mokweza, akuyang'ana bolodi, “ndipo pakamwa panga anthu atopa napo. Kuno sindinabwere kudzalankhula. Ndabwera kudzaphunzitsa, ndipo malo a mphunzitsi ndi pa bolodi. Mundilole ndiyambe lero lomwe.”

N'kuyamba kulemba, akuwerenga mokweza chimene akulemba. Analemba kuti sukulu idzayamba belu likalira, osati dzuwa likafika pamutu. Analemba kuti wophunzira aliyense adzalima mzere wake wa mbatata. Analemba za sopo, za masileti olemberapo, za kulemekeza makolo. Malembo ake anali opendekera bwino, a pa boma, okhala ndi timichira. Bolodi likadzaza ankafufuta ndi mkono wa jekete n'kuyambanso pamwamba, osacheuka ngakhale kamodzi.

Bambo Mfumu ankangogwedeza mutu, maso akuwala. Anawerama n'kuuza katekisiti amene anali pambali pawo, mokweza ndithu, kuti: “Mwaona? Uyu ndiye mphunzitsi.”

Kumbali ya amayi nako kunayamba manong'onong'o. “Taonani ulemu, anthu inu. Wapereka msana.” “Munthu wa nsapato koma mwambo akuudziwa.” “Mwana wanga ndimutumiza kuno chaka chamawa.” Mayi wina anayamba kululuta, ena n'kulandira.

Magadalena anamva ngati wina wamuthira madzi a m'mawa a mu Juni. Benedicta anali atagwira dzanja la mtolo uja, akumwetulira, misozi ili mbwee. Ngakhale pamenepa, ngakhale pa msampha, banja limeneli linkangotola ulemu ngati bowa!

Koma zinali zisanathe. AEustace anafufutanso bolodi, n'kulemba pakati penipeni dzina limodzi ndi malembo akuluakulu: LINUS.

“Sukulu iyi sindinaimange ine,” anatero, akulankhulabe ndi bolodi. “Pali munthu anaiyamba pansi pa mtengo, ine ndikuthamanga ndi makalata. Ndinapempha Bambo Mfumu zinthu ziwiri, ndipo dzulo avomera. Choyamba, aLinus akhale wachiwiri wanga. Chachiwiri, nyumba ya njerwa akhalebe momwemo ndi banja lawo. Ine ndimanga yanga kumtunda, njerwa ndiumba ndi ophunzira. ALinus, bwerani kutsogolo anthu akuoneni.”

Mtima wa Magadalena unadumpha kawiri. Koyamba unadumpha ndi chimwemwe. Kachiwiri unadumpha atayang'ana mtolo umene unali pambali pake.

“Amayi, dzukani,” ananong'ona. “Dzukani msanga, tiyeni.”

“Ndidzuke ndipite kuti, mwana woipa iwe?” unayankha mtolowo. “Ndiponde anthu?”

Ophunzira anali atayamba kale kufuula. “APhunzitsi aLinus! APhunzitsi aLinus! Akukuitanani!” Magadalena anaimirira kuti athamange akawatsekereze, koma mayi wa kumbuyo anamukoka nsalu. “Khalani pansi inu, tione nafe.”

ALinus anatulukira pa ngodya ya sukulu akuthamanga pang'ono, manja ali noninoni ndi mafuta a mbuzi, akumwetulira osadziwa chimene akumwetulira. Njira yachidule yopita ku tebulo inkadutsa pa mphasa ya kutsogolo. Ndipo nthawi yomweyo aNamwale, amene mpweya unali utawathera m'nsalu muja, anavundukula kumaso kuti apume.

Anayang'anana. Pafupi, inu, moti akanatha kupatsana fodya.

“Mayo ine!” anakuwa aLinus.

Za bolodi iwo sanaziganize. Anatembenuka ngati gwape, anawomba tebulo, belu n'kugwa ngwee, kaundula uko. Kutsogolo kwawo kunali mpanda wa dimba la Bambo Mfumu, wofika pachifuwa. Anaulumpha osaukhudza. Anthu anangomva phwata phwata m'kati, mmene munali timitengo ta mapichesi timene Bambo Mfumu ankatithirira okha m'mawa uliwonse, kenaka anawaona akulumpha mpanda wa mbali inayo, n'kulowa m'nthochi.

Bwalo linaphulika. Amuna ankagwa pa mipando. Ophunzira ankayesa kudziletsa koma zinkatulukira m'mphuno. Mkulu wina anafuula kuti, “Ameneyo ndiye mkamwini!” ndipo kuseka kunayambiranso. AEustace okha anali chiimire, mphumi atatsamiritsa pa bolodi, choko chili m'manja.

Bambo Mfumu sanaseke. Anayang'ana mpanda, anayang'ana mayi wa mikanda yofiira amene tsopano amayi anzake ankamutulutsa atamuzungulira ndi nsalu, ndipo khosi lawo linafiira mpaka kukafika pa dazi.

Lolemba m'mawa Bambo Mfumu anawaitana onse awiri, aEustace ndi aLinus. Akuti aEustace analankhula kwa nthawi yaitali, mwaluso lawo lonse la pa boma. Anati aLinus anadzidzimuka ndi njuchi. Bambo Mfumu anati njuchi sizivala mikanda. Anati zimene anachitira aTimoteyo sangazisinthe chifukwa cha munthu wina, apo ayi anthu adzati wansembe ali ndi miyeso iwiri. Wachiwiri akhala mphunzitsi wina, aAnselmo. ALinus apita kukatsegula kasukulu ka m'mudzi kufupi ndi Chongoni. Ndipo mkulu wa sukulu alowe m'nyumba ya mkulu wa sukulu, monga anakonzera pomanga, nkhani ithere pomwepo.

Chimene Bambo Mfumu sanafunse n'chakuti bwanji mkulu wawo watsopanoyo analankhula ndi bolodi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndipo palibe anawauza, ngakhale katekisiti.

ALinus anabwera kunyumba ali ndi zokala za minga m'miyendo. Sanakalipe. Anakhala pa mpando wawo n'kufunsa funso limodzi.

“Amake Lonjezo, amayi anawabweretsa ndani?”

“Anabwera okha. Mukuwadziwa mmene amakondera—”

“Nanga chiwindi chija? Ndinachipeza chili chonse mu mphika.”

Magadalena anayamba kupinda mphasa.

“Munthu uja anatipemphera nyumba kwa Bambo Mfumu,” anatero aLinus pang'onopang'ono.

“Anatipemphera! Ndiye ndizivina? Nyumba yanga yomwe, ndiilandirenso m'manja mwa amuna a Benedicta ngati mchere wopempha? Iye akanamanga yake kumtunda, yaikulu kuposa iyi, ya mazenera awiri, muone!”

ALinus anadzuka n'kutuluka kukafuna anthu onyamula katundu.

ANamwale anatumiza mawu kuti Magadalena asaponde pakhomo pawo mpaka atabwera ndi nkhuku yoyera yopepesera, ndipo kuti aNabanda sanabwere n'komwe ku misoni, anali kumaliro kwa Kachere. Ophunzira nawo anayamba kukayesa kulumpha mpanda uja pa nthawi yopuma, ndipo palibe anautha.

Lachisanu ndilo linali tsiku losamuka. Kumwamba kunali kutayamba kusonkhana mitambo yakuda cha ku phiri, ndipo mphepo inkanunkha mvula. Akatundu atanyamuka ndi mitolo, aLinus ali patsogolo ndi Lonjezo pa phewa, Magadalena anatsalira kuti asese komaliza. Sankafuna kuti wina adzanene kuti anasiya nyansi.

Benedicta anafika wopanda ambulera. Anaima pakhomo ngati mlendo.

“Akulu, ndinafuna kukuuzani tsiku lija. Munandidula pakamwa.”

“Ndamva.”

“Bambo ake Funsani akuti pakapita chaka adzayesanso kulankhula ndi Bambo Mfumu.”

“Adzayese. Kulankhula ndiye amatha.”

Benedicta analowa, n'kuyang'ana chipinda chogona chimene tsopano chinali mbee. Kumbuyo kwake amuna awiri ankabwera atasenza bedi. Bedi lenileni, la matabwa opala, ndi matiresi a thonje. Magadalena anali asanagonepo pa chinthu chotero chibadwire. Analiyang'ana, n'kuyang'ana tsache limene linali m'manja mwake.

“Inu mukuidziwa nyumbayi, akulu,” anatero Benedicta mofatsa. “Tiike kuti bedili?”

Magadalena anakweza maso kudenga. Pa ngodya ya kumanzere, pamwamba pa mtanda, udzu unali utawola kuyambira dzinja latha. Mvula ikagwa, pamenepo pankadontha osati madontho ayi, koma ngati munthu akutsanula mtsuko. Iye ankaikapo mphika waukulu, ndipo aLinus ankangoti adzafolera mawa.

“Ikani apo,” anatero, akuloza ngodya ya kumanzere. “Mpamene pamafunda.”

“Zikomo, akulu.”

Amuna aja anakankhira bedi pa ngodyapo, Benedicta n'kuyalapo bulangete lake latsopano, akuliwongola m'mbali. Magadalena anatsamiritsa tsache pa khoma, anamanga nsalu m'chiuno, n'kutuluka kutsatira akatundu pa njira ya ku Chongoni. Asanafike n'komwe pa mlatho, dontho loyamba linamugwera pa mkono. Anaima, anacheuka kuyang'ana ku misoni, n'kupitiriza ulendo akuyenda mofulumirako.